Mamota a Apongozi

Komboni ya George, Lusaka

Okondedwa Amalume,

Ndayamba ndi kuwomba m'manja kuchokera kuno kutali. Muli bwanji inu ndi azakhali? Bondo lija linkakuvutani nthawi yozizira linaleka kodi? Ndinamva kwa a Dixon kuti chigayo chinaima masiku angapo chifukwa cha lamba. Ndikhulupirira kuti tsopano chikulira monga kale.

Ife kuno tili moyo. Maud ali bwino. Tiza wayamba sukulu ndipo akutiwerengera chikwangwani chilichonse cha mumsewu, ngakhale cha malo omwera mowa. Given wamera mano awiri, akuyesera pa chala cha aliyense.

Tsiku lija munandiimira ngati nkhoswe munandiuza kuti nkhani ya banja siyenda pa foni, chifukwa foni ili ndi makutu ambiri. Ndiye ndalemba. Poyamba muona ngati ndi nkhani ya zitsulo chabe. Pirirani nane mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ku Matero. Chaka chino ana a kalabu yanga alowa mpikisano wa maloboti. Sindikunena aja a pamsewu, koma makina a mateyala anayi, ofika m'chiuno, amene ana amawayendetsa ali patali. Ntchito yake ndi kutola mipira pansi n'kuiponya mu dengu lopachikidwa m'mwamba. Nthawi yake ndi yochepa kwambiri, ndipo wolowetsa mipira yambiri ndiye wapambana. Mpikisanowo uli kumapeto kwa mwezi uno.

Wotsogolera anawo ndi mlamu wanga Chileshe, mng'ono wake wa Maud, uja anakuthirirani madzi osamba m'manja pa ukwati ali kamwana. Pano ali giredi 11, ndipo masamu ake akuposa amene ndinali nawo ine pa msinkhu umenewo.

Choponyera chathu ndi gudumu la mphira, lalikulu ngati pakamwa pa kapu. Mpira umapanikizika pakati pa gudumulo ndi chitsulo chokhota, gudumu n'kuulavula. Kuti ufike mu dengu, gudumu liyenera kuzungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi. Nambalayi sitinalote. Tinaponya, tinayeza, tinaponyanso.

Inu a chigayo simungavutike kumva zimenezi. Injini ikakhala yochedwa mumaika pule yaikulu, gudumu lija la lamba, ku injini ndi yaing'ono ku nyundo, kuti nyundo zithamange. Ikakhala yothamanga mopitirira mumatembenuza. Koma pule sibala mphamvu. Imangosinthanitsa liwiro ndi nyonga. Chimene injini ilibe, lamba sangachipereke.

Ife tinasankha mamota awiri a m'makina obowolera a batire. Ndi aang'ono ngati chitsononkho, koma amathamanga kufika ka 18,000 pa mphindi. Ana anakangana sabata yonse za mapule. Ena ankafuna kuti mota izungulire kasanu n'kamodzi, gudumu kamodzi, chifukwa masamu ake amagwera ndendende pa 3,000. Chileshe anakana. Anati batire ikangofooka pang'ono, ndendendeyo watha. Tinayesa ndipo zinali zoona.

Tinakhazikika pa kanayi ku mota, kamodzi ku gudumu. Motero gudumu likhoza kufika ka 4,500, ife n'kumaliyendetsa pa 3,000 chabe. Zotsalazo ndi nkhokwe. Mpira uliwonse ukadutsa umaba liwiro la gudumu, ndipo mota yokhala ndi nkhokwe imalibweza wachiwiri usanafike. Nkhani yonse ya kuponya yagona pamenepo.

Tsiku lina mota imodzi inapsa. Lamba anamangidwa mothina kwambiri, utsi n'kutuluka. Sinali nkhani yaikulu, tinapeza ina mawa lake. Koma Chileshe anakaifotokoza kunyumba pa chakudya, ndipo apongozi anga aamuna, ba Chitalu, anamva.

Mukukumbukira mmene tikhalira. Iwo ali nyumba yakutsogolo, ife zipinda ziwiri zakumbuyo, bwalo limodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Chikwatirireni sindinalowepo m'nyumba mwawo, sindinadyepo nawo, sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Tikakumana m'njira ndimapatuka n'kunyonyomala. Mawu anga amapita kwa Maud, Maud amawapereka kwa amayi ake, amayi ake kwa mdala. Ndi mwambo wawo wa Chibemba ndipo sindinaudandaulepo. Munandiuza nokha kuti wokwatira kwa eni amavina ng'oma imene wapeza.

Patapita masiku angapo, Maud ndi amayi ake anafika pakhomo pathu atanyamula beseni lovundikira ndi nsalu yoyera, monga amanyamulira chakudya cha mkamwini. Anagwada n'kuvundukula. M'katimo munali mamota awiri a mawaipa a minibasi, aja amapukuta galasi mvula ikamagwa. Ba Chitalu anawachotsa okha ku garaja kwawo, anawatsuka ndi petulo, anaika girisi watsopano, anawapaka utoto wabuluu.

Uthenga unali wakuti bashi Tiza, ndiye kuti ine atate ake a Tiza, asavutikenso ndi tizidole ta m'sitolo tomapsa ngati pepala. Awa akuti ayenda zaka khumi ndi zisanu mu msewu wa Lumumba osadwala ngakhale chimfine.

Pamwamba pa uthengawo panali wina. Banja lagwirizana kuti mpikisano ukatha lichite mwambo wondilowetsa m'nyumba, umene iwo amati ukwingisha. Ukachitika umenewo ndidzakhala mwana wa pakhomo, wodya nawo mbale imodzi ndi wokamba nawo nkhani. Maud anagwetsa misozi pomwepo. Mwamuna wa mkulu wake sanalowetsedwe mpaka lero.

Amalume, aka ndi koyamba kuti bambo amenewa andipatse chinthu chopangidwa ndi manja awo.

Ndinapita nawo mamotawo kusukulu ndi mtima wofuna kuti agwire ntchito. Ndi mamota abwino, sindinama. Mukati muwagwire akuzungulira angakuthyoleni chala. Koma amazungulira ka 60 pa mphindi, pamene ife tikufuna 3,000. Ndiye kuti liwiro lichulukitsidwe ka 50.

Tinayesa. Tinalumikiza matcheni a njinga atatu, giya yaikulu kukoka yaing'ono, yaing'onoyo kutembenuza yaikulu ina. Chinthucho chinalira ngati ngolo yosathira mafuta, mphamvu yambiri n'kuthera m'matcheni. Mpira woyamba unagunda m'munsi mwa dengu. Wachiwiri unagwera pa mapazi a loboti.

Titazimitsa, gudumu linafuna kupitiriza kuzungulira koma mota inakana. Giya ya m'kati mwake ili ngati mazinga a bawuti: imayendetsa, koma siyendetsedwa. Tcheni chinaduka n'kuuluka, pang'ono chikanamuchotsa diso mtsikana wina.

Tinayesanso njira ina. Ndinapeza mota yakutha ya mtundu womwewo, poti ya apongozi sindikanaidula. Tinachotsa giya ija n'kulumikiza gudumu ku mtima wa mota. Likakhala lopanda mpira limafika pafupi ndi 3,000. Mpira ukangolowa limagwa, n'kumadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wochira malungo. Nkhokwe palibe. Pa nthawi imene mamota aang'ono amaponya mipira khumi, iyi imaponya itatu.

Tinaganizanso zosintha zonse n'kupanga legeni yaikulu yokokedwa ndi mota yawo. Imaponya bwino ndithu. Koma ikamakoka mphira kachiwiri, anzathu amakhala ataponya kale isanu.

Ndiye ndinatuma mawu. Ndinauza Maud akanene kuti tathokoza kwambiri, koma mamotawo ali ndi nyonga popanda liwiro, sangaponye. Maud anauza amayi ake kuti tathokoza kwambiri, mamotawo ndi amphamvu, kungoti liwiro likuchepa pang'ono. Amayi ake anauza mdala kuti bashi Tiza athokoza kwambiri, akuti mamotawo ndi amphamvu zedi, pangofunika kuwonjezera pang'ono.

Loweruka lake beseni linabweranso. Munali mota ya waipa ya lole, yolemera ngati mwana wa mbuzi.

Mwa amayi awiriwa palibe ananama. Aliyense anangochotsa minga kuti mawu asabaye wamkulu. Pofika kwa mwini wake, nsombayo inalibe ndi mutu womwe.

Ndinajambula magiyawo papepala, ndi manambala ake, kuti pepalalo lipite lokha osasinthidwa m'njira. Amayi ake a Maud analibweza lili chipindire. Anati mkamwini salembera apongozi kalata ngati mwini nyumba wothamangitsa munthu wa lendi.

Chileshe sanapirire. Iye ndi mwana wa m'nyumba, amalankhula ndi atate ake. Anawauza pamaso kuti vimamota vawo viyenda monga kwaya ya bamayo polowa mu tchalitchi, phazi limodzi kutsogolo, vesi yonse kuimba. Mdala anaseka poyamba. Kenaka anamufunsa ngati amenewo anali mawu a mlamu wake. Mwanayo, pofuna kunditeteza, anati ayi, ndi ake yekha.

Ba Chitalu anati anadziwa. Anati mwana wa dzulo, wosagwirapo chitsulo choposa supuni, akufuna kuphunzitsa munthu amene anayamba kutsitsa magiyabokosi iye asanabadwe. Anati mwayi wake ngwakuti mphunzitsi wake ndi munthu wofatsa, wodziwa chitsulo chenicheni akachiona.

Kuyambira pamenepo kukhala chete kwanga kwasanduka umboni wawo. Ku garaja akuuza anzawo kuti mkamwini wawo wa masayansi wavomereza mamota awo. Ku tchalitchi anaimirira pa zolengeza n'kupempha kuti mpingo upempherere loboti. Apangana ndi dalaivala wina kuti minibasi yathunthu idzanyamule amakanika anzawo ndi madoda a mumpingo kukaonerera. Zonsezi ndimazimva ndili kuseri kwa khoma, ndikutsuka mano.

Kusukulu Chileshe wasiya kunditcha mulamu, akungoti ba ticha. Tsiku lina pamaso pa anzake anandifunsa kuti, ba ticha, nanga manambala nayeve yali na bapongozi? Ana anaseka. Chonsecho ndine ndinawaphunzitsa kuti chimene wayeza usachisinthe chifukwa cha nkhope ya munthu.

Maud akuti ndisiye. Akuti ni mpira chabe wa bana, chikho sichidyedwa, chaka chamawa kuli mpikisano wina koma atate ake ndi amodzi. Akuti ndimange mamotawo, tikaluze mwaulemu, tibwere tidzachite mwambo. Nditamuonetsa manambala anati ndiwaphike tidye. Sindimuweruza. Iye ndi amene wakhala akunyamula mawu pakati pa nyumba ziwirizi zaka zonsezi, ndipo watopa.

Njira yakeyo ndaiganizira mofatsa, ndipo siyifika kumene iye akuganiza. Taonani chimene chidzachitike. Mdala adzakhala kutsogolo ndi anzake minibasi yathunthu. Mpira udzagwera pa mapazi a loboti, holo yonse ikuona. Oweruza amafunsa ana chifukwa chimene anasankhira chitsulo chilichonse, ndipo Chileshe sadzanama. Amakanika mumawadziwa pakamwa pawo: adzawapatsa apongozi dzina limene adzafe nalo. Pobwerera kunyumba mdala adzakhala ndi funso limodzi, loti kodi mkamwini wanga ankadziwa? Ndipo ndikudziwa.

Mphunzitsi mnzanga anati ndimange mamotawo pambali ngati maluwa, mawaya osalumikiza, mdala aone utoto wabuluu akondwe. Malamulo a mpikisano ndinawawerenga onse, loboti ili ndi malire a kulemera, ndipo mamota atatuwo sangakwanemo. Komanso munthu amene wakhala moyo wake wonse m'mainjini angalephere kuona waya wosapita kulikonse? Kumeneko kungakhale kuwatenga ngati mwana.

Ndikachotsa mamotawo osanena, ndataya mphatso imene inabwera pa beseni, amayi atagwada. Ndikawasiya, ndawaperekeza apongozi ku manyazi ndikudziwa. Kupita kukawauza ndekha ndiko kuthyola mwambo mwezi womwewo umene akufuna kundilowetsa. Ndazungulira m'bwalo lino mpaka mutu kuwawa, ndipo kulikonse kumene ndatembenukira ndikupeza khomo lomwelo.

Pali chinthu chimodzi chimene tapeza, ndipo si chonyengerera. Khosi la choponyera limafunika kuweramitsidwa kapena kudzutsidwa malinga ndi mtunda wa dengu. Kamota kamene tinaikapo kankagwedezeka mpira uliwonse ukatuluka, mpira wotsatira n'kuphonya. Tinayesa mota imodzi ya ba Chitalu pamenepo. Khalidwe lomwe lija linadula tcheni, lokana kuyendetsedwa, ndi limene likufunika. Ukaiimika pamalo, yaima. Kulemera kwa imodzi loboti ikukwanitsa. Kale pa mipira khumi inkalowa isanu ndi iwiri, pano ikulowa isanu ndi inayi. Chileshe yemwe anavomera, ngakhale anachita ngati akumeza kwinini.

Loboti taimanga motero tsopano, chifukwa ana ayenera kuyeserera. Aang'ono aja akuponya, ya apongozi yagwira khosi. Malo ake ndi enieni. Koma siyiponya, ndi imodzi osati atatu, pamene iwo auza komboni yonse kuti mamota awo ndiwo akuponya. Pafunika munthu woti awauze nthawi ikadalipo, kuti iwo eni akakonze nkhaniyo ku garaja ndi pakamwa pawo.

Munthuyo ndinu, Amalume. Ndinu nkhoswe yanga, bashibukombe monga amakutchulani kuno, ndipo mawu anu sadzera kwa amayi. Kuposa apo muli ndi chimene ine ndilibe, chimbuya, ubale uja wa nthabwala wa ife a kum'mawa ndi Abemba. Inu ndi iwo mumanyozana n'kumaseka. Ndikukumbukira pa ukwati mutawafunsa ngati kwawo ku Kasama kwatsala nyani ndi mmodzi yemwe kapena anamaliza kudya onse. Iwo anayankha kuti alendo a kum'mawa asawapatse nyama, abwera kale ndi mbewa m'matumba a jekete.

Ine ndine wa kum'mawa ngati inu, koma ukamwini unandilanda ufulu umenewo. Inu mukhoza kuwauza kuti ndi Mubemba yekha angalowetse ng'ombe pa mpikisano wa njinga, iwo n'kufa ndi phwete, n'kumva.

Mukatha kuseka, musachotse minga. Muwauze manambala monga ndalembera. Mpaka lero palibe amene wawauza. Chileshe anayamba ndi chipongwe ndipo sanafike pa masamu. Iwo ndi makanika wabwino. Akamva za 60 ndi 3,000 kuchokera kwa mnzawo wa chigayo, adzawerengera okha.

Chimene chandikhazika pansi kulemba ndi cha m'mawa uno. Ndimachokera kotunga madzi ndi zigubu ziwiri, ndipo ndinakumana nawo pa kanjira kopapatiza ka pakati pa mipanda, popanda popatukira. Ndinatula zigubu n'kunyonyomala. Masiku onse amangodutsa. Lero anaima, anatembenukira kumpanda, n'kuyamba kulankhula ndi mpandawo.

Anauza mpanda kuti Mulungu anawapatsa ana aakazi atatu ndipo sadandaula, koma bokosi lawo la masipanala lakhala likusowa wolisiyira. Anati pabwalo pano pali munthu wina wolemekeza chitsulo, ndipo tsiku limene adzalowe m'nyumba adzalipeza bokosilo pa tebulo. Atatero anatsokomola n'kumapita.

Ine ndinawomba m'manja. Ndinathokoza mpanda. Nthawi imeneyo n'kuti mamota awo awiri, ya lole ndi inzake, ali mu kabati kusukulu, atakulungidwa m'nyuzipepala.

Ba Chitalu anena kuti Loweruka la sabata yamawa adzabwera kusukulu kudzaona loboti isanapite ku mpikisano. Ndikukupemphani mufike lisanakwane tsikulo. Chigayo a Dixon angachiyang'anire. Mudzagona kwathu. Maud akudziwa kuti ndalemba, ngakhale sanakondwe.

Ngati simungathe, mundidziwitse msanga. Sindidzalola kuti akazione okha pamaso pa ana a sukulu. Lachisanu ndikaweruka ndidzavala jekete, ndidzapita pakhomo lakutsogolo, ndidzagogoda ndekha. Chotsatira mukuchidziwa kuposa ine. Ulendo wa ku Lusaka mudzauyendabe, Amalume, kungoti mudzabwera kudzakamba mlandu. Ine ndikupempha mubwere pamene nkhaniyi ikadali yoti amuna awiri akuluakulu angaiseke.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa a Dixon, ndi kwa Magdalene ndi ana ake. Tiza akuti agogo asabwere chimanjamanja, akufuna nzimbe za ku Katete. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatseni msewu wabwino.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Moven